Mbuzi ya pa chinkhoswe changa

Chinkhoswe changa chinachitika ku Ndirande, chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba. Amalume, omwe anali ankhoswe anga, anabwera ndi mbuzi kuchokera kumudzi kutatsala tsiku limodzi.

Kwathu tinali Akhristu, koma mbuzi sitinkazinga tokha. Tinkaitana Msilamu kuti nyamayo adye aliyense. Ine makamaka ndinkaganizira amayi a nyumba yoyandikana nayo, Achisilamu, amene anandilera mayi anga atamwalira. Iwo ndiwo ankaphika pa mwambowu, ndipo ndinkafuna adye mbale yoyamba.

Amalume anatenga chingwe cha nayiloni namangirira mbuzi ku mpeyala wa kuseri. Nditaona mfundo yawo, mtima unandipweteka. Mfundo yosendera ija, imene timamanga pa chingwe choyanikira zovala kuti tizichikoka chikalendewera, iwo anaiika pakhosi. Malo ake ndi ku mtengo, kuti uzitalikitsa kapena kufupikitsa chingwe. Pakhosi pamafunika mfundo yokhazikika, yosiya mpata wolowa zala.

"Amalume, mwatembenuza. Ikakoka, chingwe chithina."

"Iwe wobadwira m'tauni undiphunzitse mbuzi? Pita ukaluke tsitsi."

Ndinabwereranso madzulo kuti ndimasule mwakachetechete. Ndinawapeza atakhala pompo ndi wailesi yawo, akutsutsana nayo za ndale. Anandiyang'ana, ine n'kutembenuka. Ndinakwiya mpaka misozi, koma ankhoswe sukangana nawo mawa lake akukakuyankhulira.

Amati mawu a akulu akoma akagonera. Awa anagonera n'kuwola. M'mawa bambo wa Chisilamu amene tinamuitana kudzazinga atafika ndi mpeni wake, anapeza mbuzi itazungulira mpeyala mpaka chingwe kutha, lilime lili panja. Anaigwira pamimba, napeza itafa kale, napukusa mutu, n'kubweza mpeni m'thumba.

Amalume anati nyama ndi nyama, sitingataye. Anyamata anasenda, fungo linadzaza bwalo lonse, ndipo akuchimuna anadya mpaka kunyambita zala. Wina anayamikira amalume kuti amadziwa kusankha mbuzi, iwo n'kuvomera ndi mutu.

Amayi aja sanadandaule. Anaphika mpunga wa anthu onse, koma mphika wa nyama sanauyandikire. Nditawafunafuna masana, ndinawapeza pakhonde pawo akudya mpunga ndi kabichi, m'mbale yochokera m'nyumba mwawo.

"Bwerera kwa alendo, mwanangu," anatero. "Ine ndakhuta."