Tsiku Limene Agogo Analapa Mokweza

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la lubani losakanikirana ndi la jekete ya kaunjika imene anagula ku Manzese, zaka zija kaunjika ndi maminibasi aja amati madaladala zitangololedwa kumene. Anaivala Loweruka lina, kutentha konse kuja kwa Dar es Salaam, n'kundigwira paphewa poti maso anali atayamba kuwavuta. Anandiuza m'Chiswahili chawo chothyokathyoka kuti ndiwaperekeze ku tchalitchi chachikulu cha padoko, akalape kumene sakudziwika.

Ndinali ndi zaka khumi. Pakhomo onse ankati Chichewa sindimva, chifukwa akandilankhula ndinkayankha m'Chiswahili. Ankadzinamiza, ine ndinkamva chilichonse.

Tchalitchicho anamanga Majeremani kalekale, ndipo mlonda anatiuza kuti boma limachiteteza, munthu sangazulemo ngakhale msomali. M'kati munali zii, mozizira bwino, kuwala kwa dzuwa kukulowera m'magalasi ofiira ndi obiriwira, uku sitima zapamadzi zikulira chapatali.

Agogo anagwada polapira, ine n'kukhala pabenchi chapafupi. Anayamba m'Chiswahili, koma chinawathera panjira, ndiye anatembenukira ku Chichewa. Tsono poti anali ogontha, ankalankhula mokweza ngati ali pamsika.

"Bambo, ndinasiya mkazi ku Dedza ali ndi khanda, dzina lake Sitela. Ndinati ndibwera mvula isanagwe. Sindinalembe ngakhale kalata. Kuno ndinanama kuti sindinakwatirepo."

Wansembe uja anali Mtanzania, sanatolepo kanthu, komabe anawakhululukira. M'tchalitchi monse muja amene anamva ndinali ine ndekha, ndipo ndinachita mantha.

Titatuluka anaima pamasitepe, nkhope itapepuka, n'kundifunsa m'Chichewa: "Iwe mwana, wamvapo chiyani?"

Ndinangoyang'ana kunyanja ngati sindinamve funsolo. Anagwedeza mutu, mtima uli m'malo, n'kundigulira chinangwa chokazinga. Ndinangochigwira m'manja mpaka kunyumba.

Anamwalira chaka chomwecho. Agogo aakazi anawatsatira osadziwa kanthu. Ndinkawakonda agogo aamuna aja, komabe pena ndimawakwiyira, chifukwa katundu amene anatula tsiku lija anagwera ine. Mayi anga akalamba tsopano ku Kawe, mu Dar es Salaam momwemo, ndipo amanyadira kuti ndiwo mwana woyamba wa bambo awo. Ndikamawapesa imvi, pakamwa pamandiyabwa, koma mpaka lero sindinawauze kuti ali ndi mkulu wawo ku Dedza.