A Dokotala Sakala, Amene Anadya Vitumbuwa pa Lenti

Bambo Mfumu andipempha kuti ndilembe m'kapepala kathu ka parishi za malemu a Dokotala Langford Sakala, amene tinawaika m'manda mwezi watha. Ine ndine Phoebe wa ku Bwacha kuno ku Kabwe, mwana wa a Stanislaus Daka. Ndavomera ndi mantha, pakuti banja lathu linawasenzetsa munthu wa Mulunguyu katundu wolemera kwa zaka khumi ndi chimodzi.

A Sakala anabadwa mu 1934 m'komboni ya anthu a njanji, kwa makolo ochokera ku Katete. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi awo anatupa miyendo n'kumwalira, ndipo palibe anawauza kuti anali matenda anji. Chimenechi chinawapweteka moyo wonse. Anayamba ntchito yotsuka mabala, kenaka anapita kukaphunzira ku Lusaka ali kale ndi ana atatu, nabwerako ali dokotala wa matenda a m'kati mwa thupi: mtima, impso, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Misa ya m'mawa sankaiphonya, ndipo Loweruka ankapita ku Mpima kukapima anyamata a ku seminale kwaulere. Ankakonda kunena kuti, "Dokotala akatseka pakamwa, wodwala amatchula yekha matenda ake."

Mgodi wathu waukulu utatsekedwa mu 1994, Kabwe anazizira ngati nyumba ya maliro. Madokotala anzawo analongedza kupita ku Botswana, koma iwo anatsala ndi mzere wa amuna ochotsedwa ntchito, ndi kabati ya mankhwala yopanda kanthu. Atate anga, mmodzi mwa ochotsedwawo, anapeza kantchito ka ulonda kwa mwini sitolo wina amene sankafuna kumva za wantchito wodwala. Tsono atatewo anali ndi matenda a shuga, ndipo ankadzibaya inshulini m'mawa uliwonse. Ankadziwa zimenezi ndi amayi ndi a Dokotala okha, ife ana ayi.

Pa Lenti ya 1995 amuna a parishi analonjeza kusala kudya Lachisanu lililonse mpaka dzuwa kulowa, kupempha Mulungu kuti mgodi upeze wogula. Wowatsogolera anali atate. Ku mgodi anazolowera kuti lamulo saliphonya, motero jekiseni anabaya monga mwa masiku onse, nalonso lonjezo la kusala analisunga. Munthu wobaya inshulini akapanda kudya, shuga amatsikiratu m'magazi, ndipo akhoza kukomoka osadzukanso.

Tili pakati pa Njira ya Mtanda panja pa tchalitchi, a Dokotala anaona atate akutuluka thukuta, buku likunjenjemera m'manja, mawu akusokonekera. Anawayandikira n'kunong'oneza: "A Daka, mwabaya lero?"

"Ndabaya."

"Mwadya?"

"Ndingadye bwanji, ba Dokota? Amunawa akuyang'ana ine. Akafunsa chifukwa, mawa nkhani ili kwa abwana, ntchito yatha. Chonde musanene."

A Dokotala kunena sakanatha, chifukwa chinsinsi cha wodwala n'cha wodwalayo. Kuwasiya sakanathanso. Tsono anakweza mawu, anthu onse akumva: "Ine njala yandikwana, sindipitiriza. A Daka, mundiperekeze, sindidya ndekha." Anawakoka dzanja mpaka kuchipata kumene mayi wina ankagulitsa vitumbuwa ndi tobwa wotsekemera. A Dokotala anaima poyera n'kumatafuna vitumbuwa, atate atawakhazika pansi kuseri kwawo ndi kapu m'manja.

Anthu anaona dokotala akudya. Amene anaonanso atate akumwa anati anachita kukakamizidwa, ndipo a Dokotala anavomera kuti inde, anawakakamiza. Lachisanu lililonse la Lenti imeneyo ankawaitana atate kuti akawanyamulire chikwama kugalimoto, ndipo onse awiri ankadyera kumeneko, n'kubwerako milomo ili noninoni.

Pakamwa pa anthu a Kabwe mukupadziwa. Dzina linatuluka loti Dokota Vitumbuwa, ndipo linafika mpaka ku komboni ya Makandanyama. Mgodi utalephera kutsegulidwa, ena ananena mosabisa kuti pemphero anaononga ndi iwo. Akuluakulu a mpingo anawaitana kuti afotokoze, iwo anangoti, "Ndinadya, zoonadi." Anawaimitsa kugawa Ukalisitiya, ntchito imene ankaikonda koposa zonse. Anasamukira pa benchi lakumbuyo, ndipo pamenepo ndi pamene tinkawapeza m'mawa uliwonse. Inenso ndinkaseka nawo dzina lija, Mulungu andikhululukire, osadziwa kuti ndikuseka munthu amene anandisungira atate.

Atate ankapita kuchipatala mwezi ndi mwezi, ndipo ankati mwina lero a Dokotala awakumbutsa za nkhani ija. Ayi ndithu, ankangowapima mapazi ndi maso, n'kuwafunsa za ana. Ntchito ya ulonda inatha patapita zaka zisanu, koma pamenepo manyazi ndiwo anawatseka atate pakamwa. A Dokotala anapuma pantchito, nakalamba, dzina lija lili pamutu pawo.

Mu Juni chaka chino mtima wawo unafooka. Anadziyeza okha, nauza mkazi wawo, mayi Lettie, kuti masiku atsala ochepa ndipo asavutike kuwatengera ku Lusaka. Atalandira mafuta a odwala, ndinaperekeza atate kukawaona. Panjira ndi pamene atate anandiuza nkhani yonseyi, ndipo ndinalira m'minibasi anthu akundiyang'ana.

Tinawapeza atatsamira mapilo, korona yopempherera ili m'manja. Atate anagwada pambali pa bedi. "Ba Dokota, ndakulakwirani zaka zonsezi. Lamlungu lino ndiimirira mu tchalitchi, ndinene zonse."

A Dokotala anayankha akupuma movutika. "Chinsinsi n'chanu, a Daka, chitani nacho zimene mufuna. Koma mwayenda mtunda wautali. Mayi Lettie, apatseni tiyi wa shuga asanabwerere."

Anamwalira mawa lake masana, mwakachetechete, mkazi wawo akupemphera nawo. Lamlungu sanalifike. Atate anaimirira pa Misa ya maliro, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, natulutsa botolo la inshulini m'thumba la jekete, nalikweza m'mwamba kuti onse alione. Atamaliza kufotokoza zonse, amuna amene anawaimitsa a Dokotala aja anadzuka mmodzimmodzi, napempha mayi Lettie kuti bokosi anyamule iwo.