Luzi la pa Mitengo ya Amuna Anga

Ndinadzidzimuka tambala asanalire kachiwiri, khosi litauma chifukwa chogona chotsamira khoma. Bokosi la amuna anga linali pakati pa chipinda, amayi a mvano atagona molizungulira, atatopa ndi nyimbo za usiku wonse. Kunja mvula ya Febuluwale inkawaza, moto wa azibambo ukungofuka utsi. Ndinatuluka ngati wopita kuchimbudzi, koma mtima wanga unali kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kunali munda umene anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Edingeni, ankautcha thengo. Amuna anga anauyamba atabwerako ku migodi ya ku Joni. Pamwamba panali mapeyala, mango ndi masuku, m'munsi mwake nthochi, magwafa ndi khofi, pansi koko, chinangwa ndi maungu oyanga kumene afuna. Sankatentha masamba, sankaunda mizere, koma m'nyumba mwathu sitinagonepo ndi njala. Mlangizi wa zaulimi anatha matayala a njinga pobwera kudzawauza kuti boma likufuna chimanga cha m'mizere yowongoka. Tcheyamani wa chipani, amene tinkachita naye malire, anamveka akunena kuti m'thengo lotere mumabisala anthu osagula makhadi a chipani. Masiku amenewo mawu otere sankasekedwa.

Ine ndinali wobwera, mphunzitsi wokulira m'malayini a polisi ku Zomba, ndipo ndinkadziwa kuti kuno munda ndi wa kuchimuna. Amene ndinkawaopa kwambiri anali alamu anga, akulu awo a malemu, ogwira ntchito m'nkhalango ya paini ku Luwawa. Kawiri konse ndinawamvapo akunena kuti nthaka yakuda chonchi fodya angachitepo bwino chomene. Atafika pamaliro dzulo lake analira pang'ono chabe, kenako ndinawaona akulowa m'thengomo okha, chikwanje kumanja.

M'bandakuchamo ndinapeza chimene anakachita. Mtengo uliwonse wa zipatso unali utamangidwa luzi laliwisi m'chiuno. Ndinali nditaonapo ku Luwawa kuti mtengo woikidwa chizindikiro ndiye wodulidwa, ndiye mutu wanga unatentha. Munthu sanaikidwe n'komwe, iwo ayamba kale kusankha mitengo yake yoti igwe! Ndinamasula luzi lonse, mtengo ndi mtengo, mame akundinyowetsa mpaka m'mawondo. Ndinalikulunga, n'kukalibisa m'dengu la zovala kuchipinda. Sindinafunse munthu aliyense, ine amene ndinkalemba pa bolodi kuti safunsa anadya phula.

Kutacha anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa ngolo, aphunzitsi anzanga a ku boma pa lole yobwereka. Unali mwezi wa njala, nkhokwe zambiri zili pululu, ndipo ufa umene anthu anasonkha unali wochepa. Amayi ophika ankangolowa ndi kutuluka m'thengomo ndi malichero a nthochi, koko, chinangwa ndi nkhwani. Ena mwa iwo anali omwe aja ankaseka kuti ndinakwatiwa ndi pusi wokhala m'mitengo. Ndili pa mphasa yanga ndinkawaona onse pa khomo, ndipo mmodzi ndinamuona akulowa ndi madengu awiri, pamoto n'kufika ndi limodzi.

Cha m'ma naini ndinamva nkhwangwa. Poyamba ndinati ndi kudambo, kumene kuli bulugamu. Koma kugunda kwake kunali pafupi, ndipo posakhalitsa china chachikulu chinagwa, nthaka n'kunjenjemera. Ndinafuna kuimirira, koma azakhali a malemu anandigwira bondo, nati namfedwa sadzuka pa mphasa. Ndinakhala pansi ndikulira mokweza, ndipo amayi anandithandiza kulira poyesa kuti ndikulira amuna anga. Mumtima ndinkatukwana alamu anga kuti luzi ndamasula koma iwo sanabwerere m'mbuyo.

Titatuluka ndi maliro masana, ndinaona chisakasa chimene anyamata a maliro anamangira anthu chifukwa cha mvula. Mizati yake inali ya msuku, khungwa lake ndinalizindikira. Pabwalo panali masamba a mpeyala ndi zipatso zosakhwima zitapondedwa m'matope. Tinayenda pang'onopang'ono m'njira yoterera, azibambo akusinthana bokosi, nyimbo ikukokeka m'mvula. Kumanda tcheyamani analankhula nthawi yaitali, kutamanda boma kuposa malemu, ndipo pomaliza anati malemuwo anali munthu wa maganizo akeake. Anthu anayang'ana pansi. Alamu anga anaima kutsidya kwa dzenje nkhope ili bii, osandiyang'ana, ndipo ine ndinati ndi manyazi a munthu wolakwa. Dothi lofiira litagwa pa bokosi, ndinalira, amayi awiri n'kundigwira.

Madzulo anthu atabalalika, alamu anga anandiitanira pakhonde, azakhali ali pomwepo. Anafotokoza kuti kuno mtengo womangidwa luzi ndi mtengo wa mwini, ngakhale mwana woweta ng'ombe amadziwa kuti sakhudza. Podziwa kuti anyamata a maliro amadula chilichonse chili pafupi, ndipo tsiku lotere palibe wowakaniza, anamanga mitengo yonse ya zipatso n'kuwauza kuti adule yopanda luzi yokha. Kenako alamu angawo anapita kukayang'anira okumba manda. Anyamatawo anali a mudzi wina, ndiye atapeza kuti luzi palibe paliponse, anagwetsa masuku atatu ndi mpeyala waukulu umene unkaphimba khofi, woyamba kubzalidwa ndi amuna anga.

"Mulamu, wina wamasula luzi langa usiku," anatero alamu anga. "Ndikumudziwa, ndi tcheyamani uja. Mawa mbwenu ndikamufunsa pamaso pa anthu."

Azakhali anagwira pakamwa. Tonse tinkadziwa anthu amene analozapo tcheyamani chala, galimoto n'kuwatenga, mabanja awo n'kuiwala maonekedwe a nkhope zawo. Ndikanatha kubisa mlandu wanga, ndipo ndivomere kuti ndinafunadi kutero. Kenako ndinalowa kuchipinda, ndinatenga mpukutu wa luzi uja, ukadali wonyowa, n'kuuika pansi patsogolo pawo. Ndinayamba kunena za zizindikiro za ku Luwawa ndi za fodya, koma mawu anga ankamveka opusa ngakhale m'makutu mwanga.

Alamu anga analiyang'ana luzilo nthawi yaitali. Anati za fodyazo ankangoputa mng'ono wawo, monga ankachitira kuyambira ali ana. Sanakweze mawu.

"Zaka zonsezi mwakhala pakati pathu, mulamu, mumationa anthu otani?"

Anatola luzi lija, analiika m'thumba la jekete, n'kupita kukagona kwa mlongo wawo.

Nyumba inatsala zii. Azakhali anayala mphasa pamene panali bokosi, ana athu anagona osadya. Ine ndinaima pa zenera la kuchipinda, limene zaka zonse linkaona masamba okhaokha. Tsopano linkaona thambo, ndipo mvula inkamenya khofi wa amuna anga popanda chomutchinga.