Kumene Killian Anathawira Anthu

Mdzukulu wanga Killian, mwana wa mwana wanga Dainess, anabadwira ku Barking, kuno ku London, mu fulati ya zipinda ziwiri imene tinkagonamo anthu asanu ndi awiri. Mwina n'chifukwa chake anakula wodana ndi chigulu. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi chitseko. Musitima ankatsinzina ngati akupemphera, chonsecho akungothawa nkhope za anthu. Koma nzeru, eee, anatengera kwathu. Anaphunzira unesi ku Greenwich n'kukhoza kuposa ana a anthu ena amene sindiwatchula.

Ntchito anaipeza ku Romford, ine n'kuyamba kumuyang'anira mbeta kukwaya. Tsiku lina akubwera ndi mapu pafoni.

"Agogo, ndikupita kumpoto kwa Canada. Akufuna nesi."

Ndinavala magalasi. Pamapupo panali nyanja, nkhalango, nyanja ina, basi.

"Iwe, mapu akowa sanamalize kutsegula."

"Atsegula, agogo. Ndi momwemo."

Akuti deralo Malawi angalowemo kawiri, koma anthu ake onse sangadzaze msika wa Romford Loweruka. Kulibe khansolo, kulibe meya, kulibe wotenga zinyalala. Msewu umakhalako nthawi yozizira yokha, nyanja ikaundana ndi kuzizira n'kukhala mwala; ikasungunuka, n'kandege kakang'ono. Ankafotokoza nkhope ikuwala ngati wapeza mkazi.

"Nanga ukafa adzakuika ndani? Zimbalangondo?"

Anaseka n'kunyamuka. Zaka zitatu, Lamlungu lililonse ndinkamufunsa funso lomwelo pafoni. Ndinalumbira kuti ndimubweza. Munthu amakhala pamene pali anthu omulira, ndipo London ali ndi anthu mamiliyoni asanu ndi anayi.

Chaka chatha anamwalira a Rowland, mnzawo wa malemu amuna anga. A Rowland anafika kuno kalekale pothawa ndale. Munthu woti theka la Amalawi a kuno linagonapo pabalaza pake litangotsika ndege. Maliro anawaika Lachiwiri, nthawi ya 11 koloko, ndipo anatipatsa mphindi makumi anayi chifukwa kumbuyo kwathu kunali maliro ena. Tinalipo khumi ndi mmodzi. Enawo anali kushifiti. Anatumiza timanja topemphera pa gulu la pafoni. Dzenje linakumbidwa ndi makina. Nyimbo ndinayambitsa ndine, n'kuimaliza ndine ndemwe.

Lamlungu lake Killian anaimba foni ya vidiyo, manja atakulunga mabandeji.

"Wachita chiyani, mwana iwe?"

"Matuza, agogo. Timakumba manda."

Kunamwalira nkhalamba ina, msodzi. Nthaka kumeneko imauma gwaa ndi kuzizira, fosholo imangodumpha. Ndiye amuna amasonkha moto pamalopo masiku atatu, ikafewa pang'ono akumba, asonkhanso, mosinthana. Sukulu anatseka. Golosale imodzi yomweyo anatseka. Ena anayenda maola asanu ndi limodzi pa njinga zamoto zoyenda pa chipale chofewa. Amayi anaphika nyama ndi nsomba zokwanira aliyense. Pamudzi wa anthu mazana atatu, amene sanapite ndi wodwala mmodzi, nayenso anakwiya.

"Iwe anakuitana ndani?"

"Saitana, agogo. Amangokupatsa fosholo. Kuno sagogoda n'komwe, umangopeza munthu ali m'khitchini mwako akufunsa chifukwa chake sunakwatire."

Mwana wothawa anthu uja! Anawoloka nyanja yamchere kukafuna chipululu, n'kukafikira kumudzi, kwa anthu okhala ngati a kwathu ku Ntcheu, kungoti avala zikopa.

Anadikira funso langa la masiku onse. Ndinayang'ana pawindo: mabasi odzaza, nyumba pamwamba pa nyumba, ndipo woyandikana naye chitseko zaka khumi ndi zinayi sindimudziwa dzina.

"Agogo, mulipo?"

"Ndilipo. Manjawo upake mafuta. Ndipo amayi amene amakufunsa za ukwatiwo undipatse nambala yawo, tigwirizane."

Za kubwerera sindinazitchulenso. Ndinangouza Dainess kuti tsiku langa likadzafika asadzalipire makina. Adzaitane mwana wake, amadziwa kukumba.