Eveles ndi Makina Okoka Ubweya wa Agalu

Inu amene mwalakwitsa kanthu pantchito n'kumaona ngati dziko lakutherani, khalani pansi ndikuuzeni za Eveles.

Tsiku limene makina a abwana ake anafuka utsi m'manja mwake, Eveles anali atangogwira ntchito milungu itatu. Anali mayi wamasiye wa ku Maganga. Mwamuna wake, yemwe anali msodzi, atamwalira, akuchimuna anatenga maukonde, malata, ngakhale mphasa yogonera. Kwa zaka ziwiri anakhala akuyanika usipa wa eni ake pathandala, n'kumagona kwa aliyense amene wamumvera chisoni.

Kenako anapeza ntchito ya m'nyumba ku Senga Bay, kwa Mayi Florence, namwino wopuma pantchito. Anamupatsanso kachipinda kakuseri, kokhala ndi chitseko ndi kiyi. Eveles ankakonda kachipindako kuposa mmene ena amakondera nyumba zawo zosanja.

Mayi Florence anali ndi agalu awiri aubweya wautali, Mumanena ndi Ndatopa, komanso mphaka wonenepa yemwe sanagwirepo khoswe chibadwire. Ziwetozi anasiya ndi malemu amuna awo, choncho zinkagona pakapeti ngati alendo olemekezeka. Vuto linali loti mayiwo ankadwala mphumu, ndipo ubweya unkawabanikitsa. N'chifukwa chake mwana wawo Gracian anawatumizira makina okoka fumbi kuchokera ku Joni, aja ena amati huva.

Tsono kwathu kuno mkazi wolongosoka sasesa pouma. Amayamba wawaza madzi kuti fumbi ligone. Eveles analeredwa bwino, ndiye tsiku loyamba kupatsidwa makinawo anawaza theka la beseni pakapeti ponse, n'kuyatsa. Makina anameza madzi pamodzi ndi ubweya, anatsokomola kawiri, utsi tolotolo, kenako zii. Safunsa anadya phula, koma ine sindimuseka. Anachita zimene amayi ake anamuphunzitsa.

Gracian atamva nkhaniyi pa foni, sanachedwe kuweruza.

"Amayi, munthu ameneyo adzakuotcherani nyumba. Ndikubwera Loweruka la sabata yamawa, ndisadzamupeze."

Mayi Florence ankamukonda Eveles, koma chifuwa chinali chitayamba kale kulira.

"Mwanawe, ndikuyankhira chiyani kwa Gracian?" anamufunsa mofatsa.

Eveles anagwada. "Amayi, ndaononga ndine. Ndiloleni ndipite nawo kutauni ndikayese."

M'mawa mwake anakulunga makinawo m'chitenje, n'kukwera nawo kabaza mpaka ku Salima. Wokonza woyamba anangowayang'ana chapatali n'kunena kuti zoterezi n'za ku Lilongwe. Wachiwiri atamva za madzi aja anaseka mpaka misozi, n'kumufunsa ngati ankathirira dimba m'nyumba. Eveles anatuluka ali ndi manyazi, koma kubwerera kunyumba sanabwerere.

Wachitatu anali Bambo Wilson, mkulu wokonza mafani ndi simbi zamagetsi pakhonde la sitolo ina yakale. Anamvetsera nkhani yonse osaseka. Kenako anamuonetsa manja awo, amene ankanjenjemera chifukwa cha ukalamba.

"Timabawuti tating'ono chonchi sindingatigwirenso, achemwali. Tengani sikuludiraiva iyi. Ine ndizinena, inu muzimasula."

"Abambo, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6."

"Makina safunsa satifiketi. Masulani."

Atatsegula, anapeza matope a ubweya atamatirira paliponse. Eveles anakhala tsiku lonse akutokosa ndi kamtengo, chidutswa chilichonse akuchiika pampando motsatira mmene wachichotsera, kuti asadzasokoneze pobwezera.

Bambo Wilson anamuuza kuti chilichonse chiume gwa asanayese kuyatsa. Apo ndiye anafika pa ntchito imene Eveles ankaidziwa kuposa aliyense. Anayanika zidutswazo padzuwa, kuzitembenuza ngati usipa, kuzigwira ndi chala kuti amve ngati mwatsala chinyontho. Ankadzuka m'bandakucha, kusesa ubweya ndi tsache kunyumba kwa Mayi Florence kuti apumeko bwino, kenako n'kuthamangira kutauni.

Tsiku lachinayi anamanga zonse, anayatsa. Makina anangoti duu.

Apa Eveles analira, osabisa. Ankaona kale kachipinda kaja katatsekedwa, iye atasenza katundu pamsewu wa ku Maganga.

"Mukamaliza kulira mumasulenso," anatero Bambo Wilson. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anamasulanso. Ulendo uno ndi iye mwini amene anaona timakala tiwiri takuda m'kati mwa injini, kamodzi katapsa n'kunyenyeka. Bambo Wilson anati timeneto ndi mabulashi, ndipo atsopano m'Salima sapezeka. Eveles anafufuza m'mulu wa zitsulo zakufa kuseri kwa sitolo mpaka anapeza ena m'makina akale obowolera matabwa. Anali aakulu, choncho anakhala masiku awiri akuwapala pang'onopang'ono mpaka analowa.

Lachisanu masana anayatsanso. Makina analira mwamphamvu, n'kukoka fumbi lonse la pakhondepo, pamodzi ndi nsonga ya mpango wa Bambo Wilson.

Gracian atafika Loweruka, anapeza huva ikubangula pabalaza, agalu atathawira pansi pa bedi, amayi ake akupuma bwinobwino. Anazungulira makinawo kawiri, n'kufunsa kuti akonza ndani. Amayi ake analoza Eveles.

Eveles ankaganiza kuti wapulumuka. Koma madzulo a tsiku lomwelo Mayi Florence anamuitana.

"Eveles, ntchito ya m'nyumba muno yatha kwa iwe."

Eveles anadandaula, "Amayi, koma makina aja ndakonza."

"N'chifukwa chake. Bambo Wilson anabwera kudzandiona. Akuti pa zaka makumi atatu sanaonepo manja odekha ngati akowa, ndipo ndingachimwe kuwasunga pachikolopa. Lolemba ukayambe kuphunzira kwa iwo." Anamugwira dzanja. "Koma kiyi wa chipinda usandibwezere. Pano ndi kwanu."

Lero khonde lija ndi la Eveles. Bambo Wilson amangobwera kudzakhala pampando n'kumauza makasitomala kuti anamuphunzitsa ndi iwowo, ngati pali amene akutsutsa. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amamutumizira mafani, maketulo ndi mahuva awo, ndipo wokonza wachiwiri uja, amene ankaseka, naye amabwera kudzafunsa nzeru zikamuvuta.

Ntchito imene Eveles ankailirira inamutheradi, koma anatuluka ndi luso lomwe palibe wachibale angadzamulande.

Ndiye inu amene mwaononga kanthu lero, musathawe ndipo musabise. Nyamulani chimene mwaonongacho, gogodani khomo lachitatu ngakhale awiri akusekani. Chikakana, lirani ngati mukufuna, kenako mumasulenso. Mtima wokhawo ndiye musautaye.