Tinakwirira galasi la nthiti za amuna anga

Anzanga, izi sindikupeka, ndinaziona ndi maso angawa ndili ndi mwana mmodzi yekha kwathu kufupi ndi ku Mkaika.

Amuna anga anabwerako ku migodi ya ku Joni ataonda, akutsokomola, atanyamula kanthu kokulunga m'bulangete. Atamasula tinaona galasi lakuda, ndipo atalilozetsa kudzuwa munaoneka nthiti za munthu. Anatifotokozera kuti nthitizo n'zawo, anawajambula kuchipatala ndi makina oona m'kati mwa thupi, ndipo kadontho koyera konga nyemba chakumtundako ndiko chifuwa chachikulu. Anati dokotala anawalamula kugona okha pamalo opita mphepo, kumwera chikho chawochawo ndi kusanyamula mwana.

Kodi mukuyesa alipo anamva zimenezo? Anthu anabalalika, amayi anga akukuwa kuti wamoyo saona mafupa ake. Inenso, ndisaname, ndinkangowayang'ana amuna angawo kuti kodi amenewa ndi munthu kapena mzukwa. Amalume, amene anali ndi mawu pa ine ndi mwana wanga, anagamula kuti azungu anatsekera matendawo m'galasimo, likakwiriridwa ndiye kuti zatha. Amuna anga anayesa kutsutsa, koma mkamwini angalankhulenji pamudzi pa eni ake? Ngakhale aphunzitsi a kutchalitchi, oti amadziwa kuwerenga, sanawaikire kumbuyo.

Tinalikwirira masana kuseri kwa nkhokwe, kenako chikho cha thobwa chinazungulira, kuyambira pakamwa pa wodwalayo. Amalume anati kugoneka mwamuna pakhonde n'kuchititsa mtundu manyazi, ndiye ine, chitsiru ine, ndinalowetsa mphasa ya amuna anga m'nyumba, n'kuwaika mwana pamiyendo iwo akutembenuzira nkhope kumbali, akundidandaulira kuti ndimuchotse. Ndinawaseka kuti ku Joni kwawapatsa mantha.

Tisanakolole kawiri amuna anga tinawaika m'manda. Mwana anali atayamba kale kutsokomola, ndipo patapita miyezi itatu anatsatira atate ake. Amalume anati mwina dzenje lija tinakwiriramo galasi linali losaya.

Lero ndimakhulupirira kuti m'galasi muja munalibe ufiti, linkangosonyeza zoona zimene ife sitinafune kumva. Wodwala akamakuuzani zimene anamuuza kuchipatala, mverani, ngakhale akhale mkamwini, ngakhale akuluakulu akwiye. Mwana wanga sanatengedwe ndi mfiti, ndinamupereka ndekha ndi manja angawa.