Chinzonono cha Alamu Anga

Alamu anga, amuna a mng'ono wanga, anali munthu wa tayi. Fakitale itawachotsa ntchito zaka zija kwacha inasanduka pepala wamba, tayiyo sanavule ayi. Ankapukuta nsapato m'mawa n'kupita m'tauni kukaima pakona ndi anzawo ochotsedwa ntchito, madzulo n'kubwera akununkha masese. Pamzere wa ufa tinkaima ndife akazi.

Tinkakhala pulotu imodzi kukomboni ya Chawama, ine chipinda cha kumsewu, iwo cha kumbuyo, chimbudzi chimodzi chotchinga ndi masaka. Mng'ono wangayo anali asanaonebe mimba chikwatiwire, ndipo apongozi ake ku Chipata ankatumiza funso lomwelomwelo ndi aliyense wokwera basi. Iye ankafuna mwana mochita kumvetsa chisoni. Ana a eni ake onse papulotipo anakulira kumsana kwake.

Tsono chimbudzi cha masaka sichisunga chinsinsi. Tinayamba kumva alamu, bambo wamkulu, akubuula pokodza ngati akumuzula dzino, potuluka akuyenda chotangadza, thukuta lili kamukamu. Tsiku lina tikuchapa pampopi, mng'ono wanga anandionetsa kabudula wawo wamkati, kutsogolo kuli mafinya achikasu atauma gwa.

"Akulu, n'chiyani ichi?"

Ndinamuuza mosapsatira kuti chimenecho n'chinzonono, ndipo chinzonono sichigwa ndi mvula. Munthu amachita kukachitenga, atavula yekha buluku.

Alamuwo atamva, anandipeza ndikusenda mbatata. "Ni chimbuzi ichi, mulamu," anatero ndi Chinyanja chawo cha m'tauni. "Banthu bapaka, na doti yapaka." Ati anthu achuluka, uve nawonso wachuluka. Ha! Chimbudzi chomwecho tinkalowamo tonse, ana ndi nkhalamba zomwe, koma chinasankha iwo okha a tayi.

Kuchipatala anakana, ati kumapita anthu osadziwa zinthu. Anapita pakantemba, kasitolo ka kumsika, pomwe makapisozi ofiira ndi akuda ankawotha dzuwa pamodzi ndi masiwiti ndi malezala. Ankagula ochepa, kuwatsegula n'kuthira ufa wake mumowa, ati kuti mankhwala afike msanga pamalo pake. Mafinya akangochepa, basi achira, dokotala ndi iwo omwe. Zitayambiranso anabwera ndi botolo la mizu ya kwa sing'anga, yomwe inangowatsegula m'mimba mpaka tonse tinasowa polowera. Anagonja kumaliseche kutatupa, buluku litakana kumangika.

Komboni yonse inkadziwa lamulo la kukiliniki yathu. Mankhwala anali osowa, ndiye anamwino sankataya jakisoni pa munthu wobwera yekha ndi matenda amenewa. Ankati bwera ndi mnzako wogona naye, mubayidwe nonse, apo ayi bwerera. Ndinauza mng'ono wanga kuti achape chitenge akonzeke. Koma kutacha alamu ananyamuka okha, ati ali ndi mnzawo kumeneko wowalowetsa kukhomo la kumbuyo. Anabwera masana akutsimphina thako limodzi, nkhope ili mwee.

"Bakamba ati ni kupya chabe kwa m'thupi," anauza mkazi wawo. "Iwe ulibe kanthu, nkhala pansi."

Iye anakhaladi pansi, poti sankamva kuwawa paliponse. Ndinalankhula mpaka pakamwa kuuma, koma mawu a mwamuna m'nyumba amalemera kuposa a mkulu wako. Matendawa mwa mkazi amadya mwakachetechete ngati chiswe.

Sipanapite nthawi, kubuula kunayambiranso kumasaka kuja. Apa ndiye alamu anaonetsa kuti manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo. Anaima pabwalo, anthu akumva, n'kumati iwo anachira bwinobwino, ndiye wawapatsanso ndani ngati si hule ali m'nyumbamu? Anamutayira mapoto panja. Pamenepo n'kuti mng'ono wanga atayamba kumva chinena kupweteka, thupi likutentha, akuyenda chowerama. Anatola mapotowo n'kuwabwezera m'nyumba.

Ine magazi anawira. Ndinawauza kuti mawa tonse atatu tikupita kukiliniki, akakana ndikaimirira m'tchalitchi Lamlungu ndi kabudula uja m'manja. Ankandidziwa kuti sindiopseza chabe.

Namwino amene tinamupeza anali mayi wamkulu, wotopa, wosaseka. Anawayang'ana alamu pamwamba pa magalasi.

"Imwe futi? Nanga bakazi banu bali kuti lelo?"

"Ndi awa," ndinayankha ine, ndikuloza mng'ono wanga pabenchi.

"Awe. Bakazi babo tinabalasa jakisoni pamodzi na beve. Bafupi, bofiira, ba wigi. Aba ni bandani?"

Wamfupi wofiira wa wigi tonse tinkamudziwa, ankagulitsa mowa kuseri kwa msika. Kani mnzawo wa khomo la kumbuyo anali ameneyo! Bamboyu anaona kuti kuuza mkazi wake zoona n'kovuta, koma kuyenda ndi chibwenzi dzuwa likuswa mtengo, n'kukachitcha mkazi wake pamaso pa anamwino, n'kosavuta. Jakisoni wa mng'ono wanga analowa m'thako la chibwenzicho, mwini matenda.

"Ndine mkazi wawo wa ukwati," anatero mng'ono wanga motsitsa mawu, ngati akupepesa.

Namwinoyo sanawanyengerere alamu. Anawauza kuti matenda anawasiya okha mwa mkazi wawo, atachira n'kukawatolanso pomwe anawasiyapo. Kenako anamugoneka mng'ono wanga, kumudina pachinena, iye n'kukuwa. Nkhope ya mayi uja inasintha, ndipo anatitumiza kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Kumeneko anatiuza kuti mafinya anakwera kalekale mpaka m'njira za mazira, ndipo njirazo zatsekeka zonse ziwiri.

Ukwati unatha chaka chomwecho. A ku Chipata anati tinkanena ife, mkazi uja ndi wosabereka. Alamu anakwatira wina, ana ali mbwee, ndipo ndikumva kuti masiku ano ndi mkulu wa mpingo, amalangiza achinyamata za banja. Ndikakumana nawo ndimalavula.

Mng'ono wanga ali ku Mtendere, amagulitsa makala pamsika, imvi zili mbuu. Akazi anzake onse pamsikapo amaitanidwa amake uje, amake uje. Iye yekha, ngakhale tiana ta dzulodzuloti, timamuitana ndi dzina lake la pa utsikana.